Kabawi wa Fomu

1. Lichero la pansi pa denga

"Lisiye pomwepo licherolo."

Agogo aNangozo anayankhula osacheuka n'komwe. Anali pakhonde akusankha nyemba. Maso awo anali ofiira ndi utsi wa zaka zambiri, koma zochitika kumbuyo kwawo ankaziona ndithu. Mdzukulu wawo Fainesi anali atakwera pamtondo, dzanja lili kale pa lichero lakale limene linkakhala chopachika pansi pa denga.

"Ndi lobooka ili, agogo. Ngakhale nkhuku ikhoza kudutsa pakati. Ine ndikungofuna nsungwi za m'mbalizi."

"Uchite nazo chiyani?"

"Ndilimbitsire mapiko a ndege yanga."

Agogo anaika mbale pansi. Nyemba zina zinatayika, koma sanazitole.

Fainesi anali Fomu 2 pa sekondale ina yoyendera kufupi ndi Golomoti. Makolo ake anamwalira iye ali wamng'ono, ndipo pakhomopo ankakhala awiriwiri ndi agogo akewo. Kusukulu anali m'kalabu ya sayansi. Aphunzitsi ake, a Maseko, ataona kuti mtsikanayu ali ndi manja aluso, anamubwereka kamota, batire, kamakina kogwedeza mchira ndi rimoti, kuti ayese kupanga kandege kouluka mochita kukawongolera munthu ali pansi. Thupi lake anati apange ndi fomu, chinthu choyera chopepuka chija amapangira mabokosi onyamulira nsomba.

"Tsika pamtondopo, mtsikana saponda mtondo," anatero agogo. "Bwera ukhale apa, mkazi mnzanga, unditchere khutu."

Fainesi anatsika, nakhala pansi akupotoza milomo.

"Ine sukulu sindinaiponde. Zilembo ndimangoziona ngati nyerere zafera papepala. Za mabatire akozo sindikuzidziwa, ndipo sindikukuletsa. Koma lichero ayi. Tandiyang'ana. Ana anga onse ndinawaika m'manda ndi manja awa, mayi ako omwe. Ndikamapita kumjigo anthu amati, 'Mwadzuka bwanji, agogo?' Ndikangodutsa amafunsana kuti, 'Nanga iwowa safa bwanji?' Nkhalamba yotsala yokha ilibe mlandu wina, mlandu wake ndi kutsala komweko. Waiwala za mayi aja a kutsidya kwa njanji? Mutu unangowasokonekera ndi ukalamba, n'kupezeka m'mawa atakhala pakhomo pa eni osadziwa njira ya kwawo. Anthu anati agwa pandege ya ufiti. Lero m'nyumba mwawo mukumera chisoso. Ndiye iwe utenge lichero langa, limene mzimayi aliyense pamudzi pano analibwerekapo, uliike mapiko, liuluke? Lichero ndi kuuluka, mawu awiriwa asamakumane pakamwa pa munthu amene ali ndi nkhalamba m'nyumba. Chinthucho chikadzagwa pakhomo pa eni, palibe adzafunse za mwana wa sukulu. Adzafunsa kuti, 'Kodi wamkulu kwawoko ndani?'"

"Agogo, zimenezo nzakale," anatero Fainesi akuseka. "Masiku ano aliyense ali ndi foni. Ndani angaope chidole cha batire?"

"Foni imakhala m'thumba, mantha amakhala mumtima. Mwana wa munthu akatentha thupi, mwini wake foniyo amaiiwala."

Tsono vuto linali lakuti machenjezo a agogowa anali ochuluka ngati mchenga. Usakhale pachitseko. Usaimbe mluzu. Usawoloke njanji ukutafuna. Usadye mango osapsa. Usalonjere galu wa eni. Fainesi anakula akuzimva zonsezi m'mawa ndi madzulo, mpaka makutu ake anachita zikang'a. Chenjezo lenileni litabwera, analiponya mulu umodzi ndi la mango osapsa.

"Ndamva, agogo," anatero.

Ana inu, "ndamva" wa pakamwa ndi wina, wa mumtima ndi winanso.

2. Mapiko

Sikuti Fainesi anali mwana woipa. Nyengoyo mpunga unali ukucha ku sikimu ya Bwanje, ndipo mpheta zinkatera m'ndime ya agogo ngati mtambo wa mvula. Masiku a sukulu agogo ankakhala pansanja tsiku lathunthu, akukoka chingwe cha zitini ndi kukuwa mpaka mawu kutha. Madzulo ankabwera miyendo itatupa, atasasa mawu. Fainesi anali ataona kuti kabawi akangodutsa m'mwamba, mpheta zonse zimathawa popanda wokuwa. Ndiye anaganiza kuti ndege yake ikhale kabawi, agogo apume.

Loweruka agogo analawirira kumunda. Rahema, mnzake wa m'kalasi yemwe mayi ake ankagulitsa nsomba, anafika atasenza mabokosi a fomu osweka.

"Ndi awa, apayiloti," anatero Rahema akuwatula. "Koma ndege yanu izinunkha usipa. Amphaka onse a kuno akwera ulere."

"Ukadzafuna kupita ku Lilongwe usadzandipemphe."

"Ine ndikwere bokosi la mayi anga? Bola kabaza!"

Anayamba ntchito pansi pa mtengo wa bwemba. Fomuyo inali yochindikala, choncho anatenthetsa waya pamakala, n'kumaicheka m'mapale opyapyala. Fainesi anajambula mapiko ndi khala, nadula ndi lezala. Kenako anapala pamwamba pa phiko ndi sandipepa kuti pakhale linunda ngati msana wa chambo, pansi pokhapokha posalala, monga anawaonetsera a Maseko. Atayesa kumata ndi guluu wa nsapato, fomu inasungunuka iwo akuona. Anathamangira kwa kalipentala kukapempha guluu woyera, ndipo ameneyo anagwira.

Koma phiko linali lofooka. Fainesi atalikupiza kamodzi, linathyoka pakati, thyo! Anadula lina. Anayesa kulilimbitsa ndi bango, bango linaphwanyika. Anayesa nsungwi yaiwisi, inalemera n'kupindika.

Rahema anayang'ana pansi pa denga. "Nanga chilichero chija?"

"Agogo anakana."

"Basi tisiye. Tidikire asala athu, a Maseko, abwereko ku boma, mwina ali ndi zina. Paja anati usaulutse iwo palibe."

A Maseko anali atapita ku Dedza ku msonkhano wa aphunzitsi, ndipo ponyamuka anamuuza Fainesi momveka bwino kuti ndegeyo akaiyese limodzi pabwalo la sukulu, tsiku lopanda mphepo.

Fainesi anayang'ana lichero, nayang'ana njira ya kumunda. Kunalibe munthu.

"Asala akamabwera, mpheta zikhala zitamaliza mpunga," anatero, nakankhira mtondo kukhoma.

Nsungwi za licherolo zinali zouma gwa, zopepuka, zolimba. Anazilowetsa m'phiko ndipo phikolo linaima chilili. M'mbali mwake munali ulusi wabuluu wa neti ya udzudzu umene agogo anamangira pamene linang'aluka. Fainesi sanauchotse, poopa kuti nsungwi ingapatuke. Kachidutswa koluka ka pakati anakamata kumimba kwa ndege kuti kateteze fomu potera. Zotsala za lichero anazikwirira kudzala.

Mota ndi batire anaziika kumutu. Anaitenga ndegeyo pa zala ziwiri pansi pa mapiko, ndipo mutu unaweramira pansi pang'ono, monga zimafunikira. Pomaliza anasinja makala, nasakaniza ndi guluu, n'kuipaka yonse kuti bii. Kumapeto kwa mapiko anamata nthenga za nkhuku yakuda. Pachifuwa anaikapo zotsekera mabotolo ziwiri zofiira kuti mpheta zizione ngati maso.

Rahema anabwerera m'mbuyo. "Iii, Fainesi, chikuopsatu chimenechi. Ine nditakumana nacho panjira ndingathawe."

"Ndiye kuti mpheta zithawanso."

Rahema ananyamuka ulendo wa kwawo kunyanja. Fainesi anabisa kabawi wake m'thumba la feteleza kuseri kwa nkhokwe. Agogo atafika, maso awo anapita pansi pa denga asanatule n'komwe chidebe chawo. Msomali unali wokha.

"Lili kuti?"

"Kaya. Mwina lagwa, agalu atenga."

Agogo anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka analowa m'nyumba osapereka chenjezo ngakhale limodzi, zimene sizinachitikepo chibadwire cha Fainesi.

3. Mwera

Lamulungu agogo anadzuka miyendo itatupa kwambiri. Sanathe kupita kutchalitchi, ndipo anatsala okha m'nyumba atagona. Fainesi anati apita kukaingitsa mbalame. Anatenga thumba lija mwakachetechete.

Kusikimu kunali zii, poti anthu ambiri anali kumapemphero. Mpheta zokha ndizo zinali pantchito. Fainesi anaima pamzere wa ngalande, nalumikiza batire. Mota unalira ngati mavu. Anaikweza ndegeyo m'mwamba, naiponya.

Inagwedezeka, inatsika mpaka kukhudza ngala za mpunga, kenako inakwera.

Inauluka, ana inu! Chinthu cha mabokosi a usipa chinauluka ndithu. Chithunzithunzi chake chitadutsa pandime, mpheta zonse zinadzuka nthawi imodzi, phaa, n'kuthawira kutali. Fainesi anakankha kamtengo ka rimoti, kabawi natembenuka. Anakankhanso, natembenukanso. Mtsikanayo anavina yekhayekha pamzerepo.

"Agogo akanaona!" anakuwa.

Koma inali nyengo ya mwera, ndipo mwera suchita odi. Mphepo inangofika mwadzidzidzi, mpunga wonse n'kugona. Inamutenga kabawi uja ngati tsamba louma, n'kumuwolotsa ngalande, kulowera kumudzi. Fainesi anakankha kamtengo uku, nakankha uko, koma ndege inali itapita kutali, osamvanso rimoti.

M'mphepete mwa mudzi munali mgwalangwa wautali. Kabawi anakaomba m'masamba ake. Mutu, pamodzi ndi mota, batire ndi mawaya onse, unathothoka n'kukodwa kumwamba komweko. Thupi lokha, lakuda, la nthenga, linatsika likuzungulira, mpaka linakatera padenga la nyumba ya a Tomasi.

Tsono m'nyumbamo munali matenda. Kamwana kawo, Chimwemwe, kanali kakutentha thupi, ndipo m'mawa umenewo kanali katayamba kuphupha. Mayi ake anali atangotuluka nako panja kuti kapitidwe mphepo pamene chinthu chija chinagwa, khwaa, n'kutsetsereka mpaka pamapazi awo.

Mkuwo wawo unamveka mpaka kusikimu.

"Mayo ine! Ndege! Yagwa ndege pakhomo panga!"

Fainesi anaona anthu akuthamangira kumeneko. Mawu a agogo aja anamubwerera onse nthawi imodzi. Anayang'ana rimoti m'manja mwake ngati wagwira njoka. Ngalande inali ndi madzi ochepa, ongofika m'kakolo, pansi pali matope. Anaiponyamo, naipondereza ndi phazi mpaka inamira. Atatero anakwera pansanja n'kuyamba kukoka chingwe cha zitini, ngakhale kuti pandimepo panalibe mbalame ndi imodzi yomwe.

Posakhalitsa kunadutsa mayi Sabina, a ndime yoyandikana, akuthamanga atagwira chitenje.

"Iwe Fainesi, wakhala pano chiyambire m'mawa. Waona chimene chadutsa m'mwambamu?"

"Ayi, mayi. Ine sindinaone kanthu."

"Osamva ngakhale kulira kwake?"

"Ndimakoka chingwe cha zitini. Sindinamve."

Mayi Sabina anapitirira. Fainesi anakhalabe pansanjapo, akukoka chingwe, mpaka dzuwa linafika pamutu.

4. Pabwalo pa agogo

Pobwerera kwawo, anamva phokoso asanaione nyumba. Bwalo lonse linali lodzaza. Ena anali m'zovala za kutchalitchi, mabuku a nyimbo ali m'manja. Pakati pa bwalo panali kabawi uja, atamubweretsa pomunyamula ndi mitengo iwiri, ndipo wina anali atamuzunguliza phulusa. Pafupi naye, padothi, padzuwa, panali agogo aNangozo, miyendo yotupa ija atatambasula, mpango utagwa kumutu.

Fainesi anaima kumbuyo kwa anthu, kuseri kwa bwemba.

"Ulusi uwu ndikuudziwa ine," ankatero mayi a Chimwemwe, mwana ali kumbuyo, akuloza pamene phiko linang'ambika. "Ndapetera lichero limeneli kangati? Onani kuluka kwake kumimbaku!"

Mnyamata wina anagogoda phiko ndi ndodo. "Komatu iyi ndi fomu, abale. Ngati chidole cha ana."

"Chidole chimauluka chopanda injini?" anamukalipira wina. "Waonapo waya apa? Waonapo batire? Khala chete, mwana wa dzulo iwe!"

A Tomasi anagwada patsogolo pa agogo. Sanali munthu wa ndewu. Anali bambo amene ankawakonzera agogowa denga mvula ikayandikira.

"Mayi, ndinakulakwirani chiyani? Licheroli ndi lanu kapena ayi?"

"Ndi langa, mwananga."

"Lafika bwanji padenga panga? Bwanji lero simunaoneke kutchalitchi?"

Agogo anakweza maso. Anayenda nawo pakati pa anthu mpaka anamupeza Fainesi kuseri kwa mtengo. Anamuyang'ana kamodzi kokha, n'kubweza maso msanga kuti wina asatsatire kumene ayang'ana.

"Sindikudziwa," anatero. "Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Ine mundisiye pompano, sindithawa, miyendo yake iti? Mwanayo thamangani naye ku Mua kuchipatala. Mwana akayamba kuphupha sadikira milandu. Ine ndaika ana, ndikudziwa mmene zimayambira. Musataye dzuwa ndi nkhalamba."

"Mwamva? Akuti akudziwa mmene zimayambira!" anakuwa wina.

Mwala woyamba unagwa padenga. Wachiwiri unaswa mtsuko pakhonde, madzi n'kuyenderera mpaka pamene anakhala agogo. Iwo sanasunthe. Anangofunda mutu ndi manja.

Pamenepo Fainesi analephera kupirira. Anakankha anthu, nakaima pakati pa bwalo.

"Asiyeni agogo! Ndapanga ndine. Ndaulutsanso ndine. Iwo anandiletsa."

Bwalo lonse linaphulika.

"Mwana waulula!"

"Amuphunzitsa! Ndi mmene amachitira, amayambira adzukulu!"

"Ayi!" Fainesi anakuwa. "Ndi za kusukulu! Ili ndi mota, yakodwa mumgwalangwa umo. Imayendera rimoti!"

Anthu ena anatembenuka kuyang'ana mgwalangwa, koma unali wautali, masamba ake ali thithithi, ndipo panalibe chooneka.

A Tomasi anaimirira. "Chabwino. Rimotiyo ili kuti? Tionetse."

Fainesi anayang'ana matope a kumapazi kwake.

"Ili kuti, iwe mwana?"

"Ndataya."

"Wataya. Chinthu cha kusukulu, chosalakwa, iwe n'kutaya. Chifukwa?"

Asanayankhe, mayi Sabina anatulukira kutsogolo. "Pepani, ndinenepo. Ine mwana uyu ndamufunsa m'mawa kusikimu, maso ndi maso. Wati sanaone kanthu, sanamve kanthu. Pano akuti waulutsa ndi iye. Tsono timvere pakamwa pati, pa m'mawa kapena pa masana?"

"Mufunseni Rahema, tinapangira limodzi," anatero Fainesi misozi ikutsika.

"Ehe! Aliponso wina? Mwaphunzitsidwa angati? Tchula onse!"

Fainesi anaona kuti dzina lililonse limene angatchule likhala ngati waliponya pamoto. Anayang'ana pansi. Bodza lake la m'mawa linali litadya zoona zake za masana, osasiyako ngakhale fupa.

5. Chenjezo lomaliza

Amene anapulumutsa agogo tsikulo ndi a Dalitso, a polisi ya m'mudzi. Anafika panjinga ali wefuwefu, naima pakati pa anthu ndi nkhalambayo.

"Woponyanso mwala ayambe waponya ine. Nonse mukudziwa kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu. Inu mayi a Chimwemwe, kabaza uyo, kwerani, mwanayo akaonedwe magazi. Mwataya kale nthawi. Agogowa ndikupita nawo kupolisi, osati kukawatsekera, koma kuti akagone malo osafika miyala, mpaka nkhaniyi imveke mutu wake."

"Nanga mwanayu?" wina analoza Fainesi.

"Akagona kwathu. Akuti pali rimoti. Ikapezeka, aphunzitsi ake akabwera, tidzaona tonse ngati chinthuchi chimamvera batire kapena ayi. Pakali pano, aliyense kwawo."

Anthu anayamba kubalalika akung'ung'udza. A Dalitso anawanyamula agogo ngati mwana n'kuwakhazika pakaliyala. Fainesi anatola mpango uja padothi, naukuntha, napita nawo atagwira ndi manja awiri. Anagwada pafupi ndi njinga. Ankadikira kuti amve, "Ndinakuuza." Akanakonda atamutukwana, ngakhale kumumenya kumene.

Agogo analandira mpango, namanga kumutu mosafulumira.

"Nyemba zili pamoto, ukaziphule zingapserere," anatero ndi mawu awo osasa aja. "Nkhuku uzitsekere. Usayankhe munthu aliyense panjira, ngakhale akulavulire. Ndipo tamvera, mkazi mnzanga. Ndaona matope kumapazi kwako, ndadziwa kumene wataya chinthucho. Usapiteko. Lero ndi tsiku lotsegulira madzi mbali yathu. Ngalande ija ikadzaza imakoka ngakhale mwana wa ng'ombe, ndipo pansi pake mpoterera. Ine ndakalamba, dzina langa liipe, palibe kanthu. Koma sindingathenso kuika mwana wina. Wamva?"

"Ndamva, agogo."

Njinga inanyamuka. Agogo anagwira malaya a a Dalitso ndi manja onse awiri, poti njinga ankaiopanso.

Fainesi anatsala yekha pabwalo. Kabawi anali atamutenga a Dalitso m'thumba, ndipo panangotsala mkombero wa phulusa. Anaphula nyemba, koma zinali zitapserera kale. Anatola zidutswa za mtsuko. Atapita kumjigo kukatunga madzi, amayi amene anali pamenepo anachotsa zidebe zawo mmodzimmodzi, namusiyira mjigo wonse. Kamtsikana kena kamene Fainesi ankakaluka tsitsi kanamuthamangira, koma mayi ake anakakoka dzanja mpaka kanalira.

"Apayiloti!" anakuwa anyamata ena ali patali. "Ulendo wotsatira mukutera pa yani?"

Dzulo lake dzina lomwelo linali nthabwala ya Rahema. Lero linamuwotcha ngati khala. Anasenza chidebe, madzi akumutayikira kumaso, ndipo anathokoza kuti palibe angasiyanitse madziwo ndi misozi.

Atatula chidebe, anakhala pakhonde, pamalo pamene agogo ankasankhira nyemba. Anayang'ana msomali wopanda kanthu uja pansi pa denga. Sanakhalitse. Anatsekera nkhuku dzuwa likadalipo, natenga njira ya kusikimu m'malo mwa njira ya kwa a Dalitso.

Agogo sananame. Ngalande imene m'mawa inali yofika m'kakolo tsopano inali yodzaza mpaka m'milomo, madzi ofiira akuthamanga ndi zinyalala. Mapazi ake a m'mawa anali atafufutika. Kundime kwawo mpheta zinali zitabwerera zonse, zikudya mwaufulu, nsanja ili yokha.

Fainesi anakwinya siketi, nagwira udzu wa m'mbali, natsitsa mwendo umodzi. Madzi anamukoka nthawi yomweyo. Anatsitsa wachiwiri. Anamufika m'chiuno. Dzanja limodzi lili paudzu, anawerama mpaka chibwano kukhudza madzi, n'kumapapasa m'matope ndi dzanja linalo. Anatulutsa mwala. Anatulutsa chitini chadzimbiri. Udzu umene anagwira unayamba kuzuka pang'onopang'ono.

Kenako zala zake zinakhudza chinthu cholimba, chosalala.

"Usasunthe."

Fainesi anakweza mutu. Pamzere wa ngalande, pamwamba pake penipeni, panaima a Tomasi. Anali ndi fumbi la msewu wa ku Mua mpaka m'mawondo, maso atatupa. Nkhope yawo sinkaonetsa ngati Chimwemwe amusiya ali moyo kapena ayi.

"Tulutsa dzanjalo pang'onopang'ono," anatero. "Ndione chimene wabwera kudzabisa."

Fainesi anafumbata chinthu chija pansi pa madzi, osadziwa ngati wagwira rimoti kapena chigoba cha nkhono. Udzu wa kudzanja linalo unati phu, n'kuzuka wonse.